Musasayine kaye za galimoto yamagetsiyo ngati mulibe driveway

Achimwene amene mukufuna kugula galimoto yamagetsi kuno ku UK pomwe mulibe driveway (malo anuanu oimikapo galimoto pakhomo), chonde cholembera chiikeni pansi kaye. Nyumba ya terrace, zolumikizana khoma ndi khoma zija, chitseko chotsekukira pamsewu, kudalira matchaja a m'mapolo a magetsi aja, ndi momwe ndinalowera ine ndi Nissan Leaf yanga yogula kwa munthu, ndipo mpaka lero ndikadutsa pa polo lijali m'mimba mumandiwira.

Onse amene akukuuzani pano kuti "ine ndimadzaza ndi £3 basi" afunseni kuti amaimika kuti galimoto usiku. Ali ndi driveway amenewo. Amatchaja ndi magetsi a m'nyumba pa mtengo wa usiku, pafupifupi 7p pa kWh (yuniti ya magetsi), ndiye batire ya 40 kWh ngati yanga ikudzaza ndi ndalama yosakwana £3, zoona. Inu ndi ine wa pamsewu, pa polo timalipira cha m'ma 50p, batire yomweyo ndi £20. Mukathamangira pa rapid, tchaja yachangu ija, chifukwa mwapanikizika ndiye 75p, 80p, £30 yapita, ndipo mukawerengetsa pa mile iliyonse mupeza kuti mwaposa wa petulo. Pamwamba pake boma limadula VAT ya 20% pa tchaja ya pagulu pomwe magetsi a pakhomo ndi 5%. Tangoonani, wosauka wa lendi ndi amene akulipira msonkho wokwera kuposa bwana wa geti ndi kapinga.

Koma ndalama si zimene zinandiliza ine. Mukudziwa ambiri tili ku care, ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ine ndili ku dom, kowasamalira m'nyumba zawo, khomo ndi khomo. Unali Januwale, chisanu chija choti galasi lonse limachita kuuma gwa. Ndaweruka cha m'ma 10 usiku, mwamwayi ndapeza polo la m'msewu wachiwiri kuchokera kwathu lili lopanda munthu. Ndalumikiza, app yavomera, kagetsi kayamba kuthwanima, ndapita kukagona mtima uli m'malo. Mapolo amenewa amapereka cha m'ma 5 kW, ndiye kuti idzaze pamafunika usiku wonse, maola 8. Call yanga yoyamba, ulendo woyamba kwa wodwala, inali 6:30, agogo ena a shuga amene sadya kanthu mpaka wina afike kudzawadzutsa.

5:30 ndafika pa galimoto, 14%. Ndinayamba ndapukuta maso kuganiza kuti ndi tulo. Kutsegula app, akuti session inaima yokha cha m'ma 11 usiku, palibe uthenga, palibe chilichonse chonditsina kuti mayi dzukani. Chingwe chakanirira m'polo, sichikutuluka. Ndakoka, ndatseka galimoto ndi kutsekulanso, ndakokanso, zala zachita dzanzi mpaka sindikumva kuti ndagwira chiyani. Ndaimba nambala yolembedwa papolopo, kanyimbo kakungolira m'khutu, ine ndaima mu mdima ndi yunifolomu yopyapyala ija, nkhandwe ikundiyang'ana pafupi ndi mabini. Atayankha, mnyamata wake mawu ozizira ngati palibe chachitika, akuti ndiyese kuchotsa app ndi kuikanso. Ndinamuuza kuti bambo, pali munthu wodwala akundidikira, masulani chingwechi basi. Akuti dikirani ndione pa system. Chinamasuka nthawi itakwana 6.

Ndanyamuka hita nditathimitsa kuti ndisunge batire, mpweya wanga ukuchita nthunzi pagalasi, ndikupukuta ndi mkono wa juzi uku ndikuyendetsa. Ndalowera pa rapid ya pa supermarket ina. Apa ndiye mumve: Leaf imagwiritsa ntchito pulagi ya CHAdeMO potchaja mwachangu, pomwe magalimoto ambiri a masiku ano ndi CCS. Pamalopo mitu ya CCS inali mbwee, ya CHAdeMO umodzi wokha, ndipo umenewo anaukulunga ndi tepi yachikasu. Ndapita pena, makilomita angapo, 8% tsopano. Ndagunditsa khadi, yakana kuyamba, koma ndalama yachikole agwira. Ndagunditsanso, agwiranso ina. Malipiro anali asanalowe, mu akaunti munali timapaundi towerengeka, nditagunditsanso khadi inangoti declined. Ndalama zogwidwazo zinabwerera patapita masiku, koma m'mawa umenewo zinali ngati zabedwa. Ndinakhala m'galimotomo ndikulira ngati mwana, zenizeni, mamina ndi misozi. Anandipulumutsa ndi bambo wina wa taxi, wa ku Pakistan, amene anandilipirira ndi khadi yake n'kukana kuti ndimubwezere.

Kwa agogo aja ndinafika 7:40. Ndinawapeza akhala m'mphepete mwa bedi akunjenjemera, ayesa kudzuka okha. Mwana wawo anali ataimba kale ku ofesi. Ndiye coordinator wathu, mtsikana woti ndingamubereke, kundilankhula ngati ndine wantchito wa kwa amayi ake. Akuti "galimoto ndi udindo wanu, munasayina kuti muli ndi mayendedwe odalirika." Anandilembera mlandu mu fayilo, ma call a sabata yotsatira anandidula. Inu a sponsorship, amene visa yanu imadalira bwana, mukudziwa mmene mtima umagundira bwana akangotchula mawu akuti "record". Mtsikana ameneyo sanandifunse n'komwe ngati ndili bwino. Mulungu amuone, ine ndinamusiya.

Ndipo polo lenilenilo si lanu. Zili ngati pa mjigo, wofika msanga ndiye amatunga, kungoti pa mjigo munthu akadzaza ndowa amachoka. M'misewu yambiri malo a pafupi ndi polo sanalembedwe kuti ndi a magalimoto amagetsi okha, ndiye aliyense akhoza kuimikapo. Kwathu kuli bambo wa van ya dizilo amene amafika 5 koloko madzulo n'kukhazikika pomwepo mpaka m'mawa, Loweruka ndi Lamulungu osasuntha. Ndinakagogoda mwaulemu, ndi kumwetulira konse kuja timachita kuno. Anandiyankha kuti msewu ndi wa aliyense. Chowawa n'choti sananame.

Nditatopa ndinayamba kutulutsa chingwe pawindo la pabalaza, chija cha pulagi wamba ya m'nyumba, kudutsitsa pa pavement nditachiphimba ndi kamphasa ka labala. Chimayenda pang'onopang'ono, 2 kW ndi kakanthu, koma usiku wonse chimakupatsa zokwanira ma call a tsikulo. Sipanathe mwezi, kalata ya khonsolo yafika, akutchula Highways Act 1980, akuti ndachinga njira ya anthu oyenda pansi, wina akapunthwa mlandu ndi wanga. Anandinenera ndi neba wa khomo lachitatu, ndikumudziwa, mayi wa makatani osatsekeka uja, amene mabini ake amagona pa pavement pomwepo sabata yonse. Pa nkhani ya akhungu ndi a njinga za olumala ndikuvomereza, ndimakankha wheelchair tsiku lililonse, ndikudziwa mmene kachingwe kamodzi kamavutitsira. Koma akanabwera kudzandiuza pamaso, tinali kupatsana moni m'mawa uliwonse. Makhonsolo amasiyana, ena amalola ukaphimba bwino, ena sakufuna kumva n'komwe, ndiye musatengere zimene akuchita mnzanu wa tauni ina.

Njira yeniyeni ilipo, kangalande kaja amadula mu pavement kuchokera pakhoma la nyumba mpaka m'mphepete mwa msewu, chingwe chimalowa mkati n'kutsekedwa pamwamba, munthu amadutsa osapunthwa. Ku Oxford anayamba kalekale kuyesa zimenezi ndi kangalande kotchedwa Gul-e, palinso ka kampani ya Kerbo Charge. Mtengo wake umafika cha m'ma £1,000, tchaja ya pakhoma ndi yapadera. Mu 2024 boma linatsegula thandizo la £350 la tchaja kwa anthu oimika pamsewu amene aika kangalandeko, ndipo mu Julaye 2025 linalengeza £25 miliyoni yopita ku makhonsolo pa ntchito yomweyi. Zokoma kumva. Koma pamafunika chilolezo cha khonsolo, ndipo ngati muli pa lendi, landilodi avomere. Wanga anandiyankha patatha miyezi, mawu awiri, kuti sakufuna mabowo pakhoma lake. Munthu woti nkhungu ya kubafa yamukanika chaka chonse, lendi yokha ndiye amakweza osaiwala. Ndipo ngakhale mutaika kangalandeko, malo a pakhomo panu si anu mwalamulo. Mukafika mochedwa n'kupeza wina waimikapo, £1,000 yanu ija ikungoyang'anani.

Musaiwalenso kuti zaulere zija zikutha. Kuyambira Epulo 2025 magalimoto amagetsi akulipira road tax, yanga inabwera £195. Ndipo alengeza kale kuti kuyambira 2028 tizidzalipira 3p pa mile iliyonse. Kwa ife oyenda tsiku lonse si nkhani yaing'ono.

Ndiye mwina mukuganiza kuti ndinaigulitsa. Ayi, ilipo panja pano, ndipo ku petulo sindibwerera. Palibe za oil, palibe clutch, palibe exhaust yobooka pa MOT (kuyezetsa galimoto kwa pachaka), m'mawa imangonyamuka mwakachetechete osadzutsa ana a eni. A ku London simulipira £12.50 ya ULEZ ija, yolipiritsa magalimoto a utsi wambiri. Moti ngati mtima wanu wakhazikika, gulani, koma chitani kaye izi. Tsitsani app ya Zapmap, muone matchaja a m'dera lanu, kenako muyende wapansi kukawaona nthawi imene mumaweruka, osati masana a Lamulungu. Muone ngati pali mzere wolembedwa pansi kuti ndi malo a EV (magalimoto amagetsi) okha, muwerengenso chikwangwani chifukwa ena amakupatsani maola ochepa masana, mukapitirira tikiti ikupezani pagalasi. Pakhale mapolo angapo oti mungafikeko wapansi, a makampani osiyana, kuti app imodzi ikagwa musagwe nayo. Ambiri a m'mapolowa safuna khadi yogunditsa, lamulo lokakamiza kulandira khadi yotere linagwira matchaja atsopano a 8 kW kupita m'mwamba, ndiye foni yanu ikhale ndi moto ndi data. Ena amatsitsa mtengo pakati pa usiku, muyang'ane mu app.

Mutenge ya CCS, batire yokulirapo ngati thumba likulola, kuti muzitchaja kawiri pa sabata m'malo mwa usiku uliwonse. M'nyengo yozizira mtunda umene galimoto ikulonjeza muzichotsako ndithu gawo lalikulu, hita imadya. Mukalumikiza usiku musagone musanaonenso app patatha ola, ine ndimatchera alamu ya 2 koloko mpaka pano, amuna anga amadandaula. Ndipo muzisunga khadi ina yokhala ndi £50 yosakhudza.

Ngati akazi anu nawonso ali ku dom ndipo galimoto ndi imodzi, apo ndiye ayi, tengani hybrid, yoyendera petulo ndi batire, mudikire mpaka mudzapeze nyumba ya driveway. Ine pano ndimatchaja kwa mayi wina wa ku tchalitchi ali ndi driveway, Lachitatu ndi Lamulungu, ndimamupatsa £10 ndi chigumu ndikaphika. Funsani m'gulu lomweli, a m'dera lanu amene ali ndi tchaja pakhomo sangasowe.