Musagumule khomalo: yankho kwa mayi a ku Area 25

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi ena a ku Area 25. Nyumba yawo ndi ya zipinda zitatu, bafa ndi chimbudzi zili panja, ana ndi anayi, ndipo mayi awo owabereka akubwera kuchokera ku Dedza kudzakhala nawo chifukwa miyendo yayamba kuwavuta. Asunga kandalama. Akufuna kuwonjezera chipinda, kulowetsa chimbudzi m'nyumba, komanso kugumula khoma la pakati pa khitchini ndi pabalaza kuti pakhale pamtetete monga nyumba zomwe amaziona pa Facebook. Akufunsa kuti ayambire pati.

Zikomo mayi polemba. Ndiyamba ndi khomalo chifukwa ndi lomwe ndikukuletsani.

Magetsi akathima madzulo, nsima mumaphika pa chiyani? Nanga nyemba zija zofuna maola atatu? Ngati yankho ndi mbaula, ndiye kuti khitchini yanu yeniyeni ili kuseri kwa nyumba, ya m'katiyo ndi yosungiramo mbale ndi kuwiritsiramo tiyi. Mukagumula khoma, fungo la usipa wokazinga lidzakhazikika m'masofa ndi m'makatani, ndipo tsiku lomwe abusa kapena ankhoswe adzabwere adzakhala akuyang'anizana ndi mapoto osatsuka. Kulowetsa mbaula m'nyumba yotseka mawindo ndiye musayerekeze, mpweya wa makala suoneka koma umapha anthu ali m'tulo.

Pali china choopsa. Nyumba zambiri zakale m'makomboni mwathu anamangira dothi m'malo mwa simenti, ndipo zina zilibe ring'i bimu, lamba wa konkire womanga makoma onse pamwamba. M'nyumba zotere khoma la pakati nthawi zambiri ndi lomwe lasenza matabwa a denga. Mmisiri akakuuzani kuti "ili ndi longogawa zipinda, bwana" asanakwere n'komwe m'siling'i kukaona pomwe mitanda yatsamira, mufunireni zabwino zonse apite. Ngati kuwala ndi komwe mukufuna, boolani chitseko chachikulu, koma lintala, mtanda wa konkire wa pamwamba pa chitseko, ilowe kaye njerwa za pansi pake zisanachotsedwe.

Ndalama ya khomalo ipititseni ku khonde lakuseri. Lifoleredwe bwino, likhale ndi mpopi ndi sinki ya simenti, pansi pake papendekere kunja kuti madzi asamadikhe. Mbali yomwe mwera umachokera, kum'mwera chakum'mawa, mangani kakhoma kofika m'chiuno kuti mu June ndi July moto usamavute. Pambali pake ikani kasitolo ka matumba a chimanga ndi makala. Akuchokera ku Dedza agogowo, ndiye matumba a mbatata ya kachewere azibwera ndithu, musadzawaike kuchipinda kwa ana.

Tsopano chipinda cha agogo, chomwe kwa ine ndiye nkhani yaikulu m'kalata yanu. Simunatchule, koma bambo a m'nyumbamo ndi mkamwini wawo. Mukaika bafa limodzi kumapeto kwa kolido, m'mawa uliwonse apongozi ndi mkamwini azikumana pakanjira kopapatiza wina atakolekera thawulo. Palibe adzadandaule mokweza. Mudzangoona agogo ayamba kusamba kusanache kapena kubwerera ku bafa lapanja, miyendo yomwe mumaimvera chisoni ija ikukwera masitepe mumdima. Choncho chipinda chawo chikhale ndi bafa ndi chimbudzi chakechake, ngakhale chaching'ono, ndi zitseko ziwiri: china cholowera m'nyumba kuti muziwamva usiku, china chotulukira kukhonde lakuseri kuti azitha kukaothera dzuwa ndi kulandira anzawo a kumpingo osadutsa pabalaza.

Zitseko zimenezi zikhale za masentimita 90, osati zopapatiza zomwe amisiri amakonda kuika kubafa. Lero akuyenda ndi ndodo, mawa mwina pafunika njinga ya olumala kapena anthu awiri owagwirizira. Pasakhale sitepe pakati pa chipinda ndi bafa. Matailosi onyezimira aja ndi okongola m'sitolo, koma akanyowa amaterera ngati therere, sankhani okhakhala, ndipo pakhoma pafupi ndi chimbudzi pakhale chitsulo chogwirira. Chitseko cha bafa chizitsegukira kunja, kuti munthu akagwera m'kati musavutike kulowa.

Windo lalikulu liyang'ane kumpoto ngati malo alola. Kuno ku Lilongwe dzuwa la miyezi yozizira limadutsa chakumpoto, ndiye chipinda chimafunda chokha. Windo loyang'ana kumadzulo mudzalidandaula mu October.

Za mapaipi lamulo ndi losavuta: zonse zamadzi zikhale mbali imodzi. Bafa la agogo litsamirane ndi bafa la banja, khitchini ikhale pafupi. Paipi ya chimbudzi, ija ya mamilimita 110, imafuna kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka kuthanki ya chimbudzi (septic tank), ndipo ikatalika kapena kukhotakhota ndi pomwe imatsekeka. Musanajambule chipinda chatsopano, yambani mwasankha pomwe padzakhale septic tank ndi dzenje lomwera madzi ake, poti galimoto yopopa idzathe kufikapo ndi paipi yake. Anthu ambiri amamanga kaye, kenako n'kupeza kuti malo otsala ndi pageti pokha. Ndipo chimbudzi chapanja chija musachikwirire. Madzi akasiya kutuluka masiku awiri, kapena pakagwa zovuta pakhomo anthu n'kudzaza bwalo, mudzachithokoza. Ngati ndalama ikwana, thanki yosungira madzi ndi yofunika kuposa siling'i yamakono ya pabalaza.

Polumikiza chatsopano ndi chakale ndi pomwe nyumba zowonjezera zimaonekera. Maziko atsopano amakhazikika paokha, ndiye mng'alu umakonda kutuluka pamalire penipenipo. Mmisiri akumbe mpaka dothi lolimba, aike pepala lakuda loletsa chinyontho, athire mankhwala a chiswe asanawake pansi, ndipo konkire ithiriridwe madzi sabata yathunthu. Denga likhale losavuta. Paliponse pomwe malata awiri akumana n'kupanga ngalande, m'pomwe mvula ya January idzayambire kudontha. Pansi pa chipindacho pakwere kuposa bwalo. Madzi osefukira a mtsinje wa Lingadzi omwe anavuta ku Mtandire mu 2017 ndi nkhani ya okhala m'mbali mwa mtsinje, koma ngakhale kumtunda, aneba onse akamanga mipanda madzi a mvula amasowa kolowera n'kutsata khomo lotsika.

Pulani ya zowonjezerazi iyenera kuvomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda wa Lilongwe musanayambe. Ambiri amazemba, koma zimadzawapeza pogulitsa nyumba kapena pofuna ngongole kubanki. Wojambula pulani abwere adzayeze yekha pamalopo, asakujambulireni ali kuofesi.

Ntchito iyambe mvula ikatha, cha mu May, kuti pofika November denga likhale litafoleredwa. Simenti musagule yonse nthawi imodzi chifukwa ikakhalitsa imauma m'matumba momwemo, gulani ya gawo lomwe likumangidwa. Mmisiri muzimulipira gawo likatha: maziko, khoma kufika pa lintala, denga, kenako pulasitala. Ndalama ikayamba kuchepa, dongosolo lake likhale ili: thanki ya chimbudzi ndi mapaipi, chipinda cha agogo, khonde lakuseri, bafa la banja. Matailosi a pabalaza ndi penti yakunja zikhoza kudikira chaka chamawa.