Cholesterol ili bwino, nanga mimbayi?

Bambo wina wa zaka 44, wogwira ntchito ya mu ofesi, wandilembera imelo. Kuntchito kwawo kunabwera oyeza magazi ndipo anamuuza kuti cholesterol yake ili bwino chifukwa ili pa 4.9. Papepala lomwelo HDL ili pa 0.9, triglycerides (mtundu wina wa mafuta a m'magazi) pa 2.2, BP pa 138/88, ndipo mabuluku a chaka chatha akukana kumanga. Akufunsa ngati asiye kudya mazira.

Achimwene, chimene chandikhudza m'kalata yanu ndi mawu akuti "ili bwino" amene munauzidwa aja, chifukwa mawu amenewa akugoneka tulo anthu ambiri apantchito. 4.9 ija ndi chiwerengero chophatikiza. Muli LDL, imene imakanirira m'makoma a mitsempha ya magazi, muli HDL, imene imathandiza kubweza cholesterol ku chiwindi, komanso muli gawo loyenda limodzi ndi triglycerides. HDL ikatsika, chiwerengero chonse chimatsika nacho, pepala n'kumaoneka lokongola pamene chatsikacho ndi chokutetezani. Tengani cholembera muchotse 0.9 pa 4.9. Yatsala 4.0, ndiyo cholesterol yonse yokhoza kuwononga mitsempha, imene madokotala amaitcha non-HDL. Kwa munthu amene ali kale ndi zizindikiro zina zoopsa, amafuna kuti ikhale pansi pa 3.4.

Zimene zili papepala lanu zikugwirizana ndi metabolic syndrome. Mu 2009 mabungwe akuluakulu oona za shuga ndi mtima, kuphatikizapo International Diabetes Federation ndi American Heart Association, anagwirizana zinthu zisanu, ndipo zitatu zilizonse zikapezeka pa munthu mmodzi ndiye kuti ali nayo. Triglycerides kuyambira 1.7 mmol/L (muyezo womwewo wa papepala lanu) kukwera. HDL yosafika 1.0 kwa abambo kapena 1.3 kwa amayi. BP kuyambira 130 pamwamba kapena 85 pansi. Shuga wa m'mawa munthu asanadye kuyambira 5.6. Ndiye mimba: kwa ife a kum'mwera kwa Sahara amagwiritsa ntchito masentimita 94 kwa abambo ndi 80 kwa amayi. Inu zitatu zakwana kale, tisanayeze n'komwe shuga ndi mimba. Onaninso kuti cholesterol yophatikiza ija, ngakhale LDL, palibe pamndandandawu. Munthu akhoza kukhala ndi zonse zisanu koma 4.9 yake ili chikhalire. Ndipo munthu wotere mpata wake wodwala mtima kapena sitiroko umawirikiza pafupifupi kawiri, wa matenda a shuga pafupifupi kasanu.

Zinthu zisanuzi zimayendera limodzi chifukwa gwero lake ndi limodzi. Dokotala Gerald Reaven wa ku Stanford anafotokoza zimenezi mu 1988: thupi limayamba kusamvera insulin, chinthu chopangidwa ndi kapamba chimene chimatsitsa shuga m'magazi. Mafuta a m'kati mwa mimba, ozinga matumbo, ndi osiyana ndi a m'ntchafu. Amatulutsa timafuta tolowa mumtsempha wopita molunjika ku chiwindi. Chiwindi chikathedwa nazo chimalongedza timafutato n'kutumiza m'magazi, triglycerides n'kukwera. M'magazimo muli puloteni yotchedwa CETP imene imasinthanitsa katundu: imachotsa cholesterol mu HDL ndi mu LDL n'kuikamo triglycerides. HDL yotere imachepa msinkhu n'kuchotsedwa m'magazi msanga, n'chifukwa chake yanu ili pa 0.9. LDL nayo imasanduka tizidutswa ting'onoting'ono tolimba, tosavuta kulowa m'khoma la mtsempha. Kulemera kwake pa labu kukhoza kukhala komweko, koma tizidutswato n'tambiri. Pamene izi zikuchitika kapamba akuwonjezera insulin kuti shuga asakwere, ndipo insulin yochuluka imachititsa impso kusunga mchere, BP n'kuyamba kukwera. Shuga ndiye amachedwa kuonekera, nthawi zina patapita zaka, kapamba atatopa.

Pali china chofunika kwa ife anthu akuda. Kafukufuku wa ku Africa kuno ndi ku America waonetsa kuti ambiri mwa ife triglycerides sakwera kwambiri ngakhale thupi litayamba kale kusamvera insulin, pamene HDL yotsika ndi yofala. Choncho mnzanu amene triglycerides ake ali pa 1.2 asadzitame ngati mimba ndi BP zakwera. Kwa inu, 2.2 ndi yofunika kuitengera mtima.

Za mazira, idyani. Cholesterol yambiri ya m'magazi imapangidwa ndi chiwindi chanu chomwe, ndipo dzira limodzi lowiritsa patsiku si limene lakufikitsani apa. Chimene chimakweza LDL kwambiri ndi mafuta olimba a nyama yonona, khungu la nkhuku, masoseji, batala, ndi mafuta okazingira amene atenthetsedwa mobwerezabwereza. Chimene chimakweza triglycerides ndi shuga, mowa, ndi zakudya za ufa wopanda gaga zodyedwa mopitirira. Zimandipweteka kuona munthu akukana dzira pa tiyi wa m'mawa, kenaka n'kuthira masupuni anayi a shuga m'kapu, buledi woyera magawo asanu pambali. Botolo la 300 ml la chakumwa chozizilitsa kukhosi lili ndi shuga pafupifupi magalamu 30, pamene World Health Organization imati munthu wamkulu asapitirire pafupifupi magalamu 50 tsiku lonse. Mabotolo awiri, mwadutsa kale. Musanyengedwenso ndi chigubu cha mafuta ophikira cholembedwa kuti mulibe cholesterol. Mafuta onse a mbewu alibe cholesterol chiyambire, koma amanenepetsa chimodzimodzi mukawathira ngati madzi.

Ntchito ya mu ofesi ndiyo imakulitsa vutoli. Mumachoka pampando wa galimoto n'kukhala pampando wa mu ofesi maola asanu ndi atatu. Masana nsima ya ufa woyera mitanda itatu, kapena tchipisi ta pachiwaya. Kukakhala msonkhano wa kunyanja, 10 koloko samusa, masana mbale yosefukira, 3 koloko keke, madzulo kanyenya ndi mowa. Abale kumudzi akakuonani akuti ntchito yakuyanjani, mwayamba kuoneka ubwana. Ine ndimaona kuti kuyamikira mimba kumeneku kwatipweteka kokwanira ndipo tisiye. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Si a mu ofesi okha: alonda, anamwino ndi madalaivala a mathiraki, amene amagwira ntchito usiku n'kumadya pa nthawi yogona, nawonso thupi lawo limavutika kumvera insulin chifukwa cha kuperewera tulo. Mabwana okonza tsiku loyeza antchito ndikuwapempha kuti asamathere pa kugawa mapepala. Kuyeza cholesterol popanda tepi yoyezera mimba, popanda shuga, popanda munthu wokhala pansi n'kufotokoza, ndi kutaya ndalama za kampani n'kupatsa anthu chilimbikitso chabodza. Chimodzimodzinso mankhwala "otsuka magazi" ogulitsidwa m'magulu a WhatsApp: ndalama imeneyo kagulireni nyemba ndi nsapato zoyendera.

Simunanene ngati mukumwa mankhwala ena, koma n'zofunika. Prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, womwa nthawi yaitali amakweza shuga ndi triglycerides. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene Malawi anayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, amanenepetsa ena, ndipo okhala ndi ritonavir amakweza triglycerides. Amenewa sasiyidwa ayi, mumangouza a kuchipatala kuti azikuyezani. Chithokomiro chofooka ndi matenda a impso zimakwezanso cholesterol. Malungo nawo amasokoneza zotsatira: amatsitsa cholesterol ndi HDL kwa kanthawi, choncho ngati munayezedwa mutangochira, dikirani milungu ingapo.

Zoti muchite

Kayezetseninso m'mawa mutakhala maola 10 mpaka 12 osadya, madzi okha, komanso osamwa mowa dzulo lake. Triglycerides amakwera munthu akangodya, ndipo kuntchito ambiri amayezedwa atamwa kale tiyi. Pemphani kuti ayezenso shuga. Labu ikalemba mu muyezo wina wotchedwa mg/dL, gawani cholesterol ndi 38.7, triglycerides ndi 88.6, shuga ndi 18 kuti mupeze mmol/L. BP muyeze masiku osiyana, mutakhala pansi mphindi zisanu, mkono utatsamira patebulo. Mimba yezani ndi tepi ya atelala pakhungu penipeni, pakati pa nthiti yomaliza ndi nsonga ya fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya bwinobwino, osakoka mimba. Saizi ya buluku imanama chifukwa lamba amadutsa pansi pa mimbayo.

Kenaka dzipatseni miyezi itatu. Kutsitsa makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse a thupi lanu kumatsitsa triglycerides pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ngati muli ndi makilogalamu 90, yambani ndi asanu. Yendani ndawala mphindi 30, masiku asanu pa mlungu. Mtanda umodzi kapena iwiri ya mgaiwa, theka la mbale likhale masamba, ndiwo zikhale nyemba, nandolo, therere, usipa kapena utaka kawirikawiri. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wa m'ndiwo. Ngati mumasuta, lekani, fodya amatsitsa HDL.

Mukayezanso n'kupeza non-HDL sinasunthe, kapena shuga wafika 7.0, kambiranani ndi dokotala za statin, mankhwala otsitsa cholesterol, monga atorvastatin; ndiye mankhwala amene atsimikizika kuti amachepetsa matenda a mtima ndi sitiroko. Simvastatin samwedwa pamodzi ndi ma ARV okhala ndi ritonavir, ndipo mayi woyembekezera sapatsidwa statin. Triglycerides akadzafika cha pa 10, pitani kuchipatala mlungu womwewo, chifukwa pamenepo kapamba akhoza kutupa.