Kodi Nina wa mu Avenida Brasil anasanduka Carminha? Yankho kwa achemwali a ku Mzuzu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mzuzu, dzina sinditchula. Akuti angomaliza kuonera Avenida Brasil pa intaneti, ndipo anzawo a pa gulu la WhatsApp awaukira chifukwa choikira Nina kumbuyo. Anzawowo akuti Nina ndi wouma mtima chimodzimodzi Carminha. Kumapeto kwa kalatayo analemba kuti: "Nanenso nyumba ya bambo anga inagulitsidwa ndi mayi ondipeza. Kodi ndalakwa kusangalala pamene Nina ankamukhaulitsa mayi uja?"

Achemwali, funso lomalizali landisowetsa tulo, ndiye mupirire, ndilankhula zambiri.

Kwa amene simunaonere, seweroli ndi la ku Brazil. Linaulutsidwa pa TV Globo kuyambira mu Marichi mpaka mu Okutobala 2012, magawo 179, ndipo analilemba ndi João Emanuel Carneiro. Nkhani imayamba mu 1999. Kamtsikana kotchedwa Rita kamakhala ndi bambo ake, Genésio, pamodzi ndi mayi wokapeza, Carminha. Carminha ndi chibwenzi chake chamseri, Max, amabera Genésio ndalama za nyumba imene anagulitsa. Genésio amagundidwa ndi galimoto ya Tufão, katswiri wa mpira wa timu ya Flamengo, n'kumwalira. Carminha amapezerapo mwayi pa chisoni cha Tufão mpaka kukwatiwa naye, pomwe Rita amakatayidwa kumtaya wa zinyalala. Kumeneko amamutenga anthu a ku Argentina, amakula ndi dzina latsopano la Nina, amaphunzira kuphika, kenako amabwerera ku Rio de Janeiro n'kukalowa ntchito ya ukhukhi m'nyumba ya Tufão. Carminha amadya chakudya cha mwana amene anamutaya, osamuzindikira.

Bambo athu anamwalira ine ndili ku pulayimale. Tinkakhala m'nyumba imene anamanga okha ku Blantyre. Maliro atangotha, misozi isanaume n'komwe, abambo aang'ono ndi azakhali anafika ndi lole. Mfundo yawo inali ya mwambo: kwathu ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi mtsibweni, choncho chuma cha m'bale wawo chibwerere kwa eni magazi, ife tikalire kwa amalume athu. Amayi anali chikhalire pamphasa ndi duku lakuda, osayankha kanthu. Achemwali anga aakulu, amene nthawi imeneyo anali ku sekondale, anaima pakhonde ndi kope lawo la masamu n'kumalemba chilichonse chimene chinkakwezedwa m'lolemo. Firiji. Mipando ya pabalaza. Njinga. Wailesi ya kaseti. Makina osokera a Singer amene amayi anagula ndi ndalama zawozawo za mandasi. Azakhali atawafunsa chimene ankalemba, anangoti, "Homuweki." Patatha mwezi tinali kumudzi ku Ntcheu, abambo aang'ono atalowa m'nyumba muja ndi banja lawo.

Kopelo achemwali sanalitaye. Anavutika, anamaliza sukulu, anapeza ntchito yabwino ku Lilongwe. Ndiye chaka china mwana wamkazi wa abambo aang'ono aja anapeza malo pa koleji ina mumzindamo, koma analibe kokhala. Mkulu uja anabwera atanyamula nkhuku, n'kukhala pansi mwaulemu, akuti zakale zinapita, magazi ndi amodzi. Achemwali anamwetulira n'kuvomera. Tonse tinati Mulungu wawafewetsa mtima.

Nditapita kukacheza ndinapeza zina. Mtsikanayo ankagona pamphasa kukhichini pomwe chipinda china chinali chopanda munthu. Ankadzuka kusanache kukolopa, kuchapa zovala za nyumba yonse pampopi wapanja, kenako n'kuthamangira minibasi wopanda ngakhale tiyi m'mimba. Manja ake anali atang'ambika ndi sopo. Usiku ankawerenga manotsi ndi tochi ya foni chifukwa analetsedwa kuyatsa getsi. Tsiku lina tikudya, achemwali anamuitana, anatulutsa kope lija, mapepala atachita chikasu, n'kuyamba kumuwerengera mzere ndi mzere. Atafika pa makina osokera, mtsikanayo anagwada pansi akulira, akuti, "Achemwali, ine sindimadziwa." Ndipo sankanama. Tsiku la lole lija anali ali kumsana. Chaka chisanathe anasiya koleji n'kubwerera kwawo. Abambo aang'ono anakhala m'nyumba ya bambo athu mpaka imfa yawo, osabweza ngakhale supuni.

Ndiye pamene ndinkaonera Nina atavala epuloni, akuti "inde madamu" kwa Carminha uku maso akuyaka, sindinkaona Débora Falabella amene anasewera mbaliyo. Ndinkaona achemwali anga pakhonde paja.

Tiyambe ndi zimene anzanu a pa WhatsApp akudandaula nazo. Carminha atazindikira kuti wophika wake ndi Rita, anamutengera kumanda usiku n'kumuponya m'dzenje, n'kumamuthira dothi ali moyo. Nina anatulukamo, ndipo popeza anali ndi zithunzi za Carminha ali ndi Max, anatembenuza zinthu. Banja lonse litachoka panyumba, anakhala iye pampando wa madamu, n'kulamula Carminha kuti amuphikire, amuperekere chakudya patebulo, akolope pansi. Anamudulanso tsitsi lija ankanyadira. Apa ndiye pamene ambiri amati Nina wapyola malire.

Ine ndikuti sanapyole. Ndinayamba kulemba yankholi ndikuganiza kuti ndinena zofewa, zoti mbali zonse zili ndi mfundo, koma ayi. Mayi amene anatumiza mwana kukatola zinyalala kuti iye akagone m'nyumba ya mwanaalirenji, kukolopa masiku ochepa si chilango n'komwe. Tsitsi limamera. Genésio sanadzuke. Ubwana wa Rita sunabwerere. Amene akulirira tsitsi la Carminha, analira bwanji pamene Max ankasiya kamwana kumtaya n'kuliza galimoto? Mlandu suola, ndipo Carminha anakhala zaka zoposa khumi akudya bwino, akuvala zoyera, akuoneka ngati mayi wopemphera wothandiza osauka, popanda womufunsa.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mawu oti "khululuka" nthawi zonse amalunjika kwa wolakwiridwa. Ife titalandidwa nyumba, anthu opemphera ankabwera kwa amayi ndi Aroma 12:19, kuti kubwezera n'kwa Ambuye. Vesilo ndimalikhulupirira. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anapita nalo Baibulo lomwelo kwa abambo aang'ono kukawawerengera za kusautsa akazi amasiye ndi ana amasiye, ngakhale kuti mavesi ake ndi ambirimbiri. Mkuluyo ankakhala kutsogolo m'tchalitchi. Mwana wamasiye timamufuna akhale wofatsa, wothokoza, wogwada. Akangodzutsa mutu timati wadzala ndi chiwawa, ndipo timayamba kumuopa kuposa amene anamubera.

Palinso china chimene oonera safuna kuvomera. Carminha amasangalatsa. Adriana Esteves anasewera mbaliyo mwaluso loti ukamuona akukuwa, akunama, akulira misozi yabodza, umaseka usakufuna. Nina saseka, sachita nthabwala, nkhope yake imakhala yomangika gawo ndi gawo. Ndiye anthu amakopeka ndi woipa wosangalatsa, n'kutopa ndi wolakwiridwa wokwiya. Pamaliro a kwathu zimakhalanso choncho: azakhali olongolola aja ndi amene anthu amawazungulira, mwana wa malemu ali phee pakona.

Ku Brazil komweko anthu anakangana za Nina mpaka kutopa. Anamunyoza kwambiri pamene adani ake anamulanda zithunzi zija, akuti mtsikana wophunzira, m'chaka cha 2012, angalephere bwanji kuzisunga pa fulashi kapena kudzitumizira pa imelo. Pamenepo ndikugwirizana nawo, wolembayo anafuna kungotalikitsa nkhani. Koma taonani kukula kwa seweroli: tsiku la gawo lomaliza, msonkhano wa ndale ku São Paulo umene pulezidenti Dilma Rousseff ankayenera kukhalapo unasunthidwa, poopa kuti anthu atsalira pa kanema. Dziko lonse linkafuna kudziwa amene anapha Max, komanso ngati mwana wotayidwa uja apeze chilungamo.

Koma pali Jorginho

Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi Nina, ndipo anzanu aja akanatchula izi ndikanawamvera. Kumtaya kuja Rita anali ndi mnzake, kamnyamata kotchedwa Batata. Ankakondana mwachibwana mpaka kuchita ukwati wamasanje pakati pa zinyalala, m'manja mwa Mãe Lucinda amene ankalera ana otayidwa. Batata ndiye Jorginho, amene anadzaleredwa ndi Tufão, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti ndi mwana wobereka wa Carminha ndi Max. Mnyamatayu sanaiwale Rita. Atamupeza, anasiya chibwenzi chake Débora, n'kumupempha kuti asiye zonsezi akayambe moyo wina. Nina ankamukonda, koma mobwerezabwereza anasankha Carminha. Anamubisira zinthu, anamunamiza, anamusiya akuzunzika ndi mafunso okhudza makolo ake pomwe iye mayankho ena anali nawo.

Onjezanipo Tufão, munthu wopanda chinyengo amene anamulandira m'nyumba, n'kumawerenga mabuku amene Nina ankamupatsa, mpaka kuyamba kumukonda. Onjezanipo Betânia, mnzake wa kumtaya, amene anavomera kunamizira kuti ndiye Rita n'kuika moyo wake pachiswe. Ngakhale zimene Nina anachita podziyandikiza kwa Max, kumupatsa ndalama ndi kumunyengerera, zinapweteka Jorginho kuposa mmene zinapwetekera Carminha. Anthu onsewa sanatayeko mwana kumtaya. Nina anawaponda chifukwa anali panjira yopita kwa mdani wake.

N'zimene anachita achemwali anga. Abambo aang'ono anali patali, olimba, osafikirika. Mwana wawo anali pafupi, wofooka, wosowa pogona. Mkwiyo umene unasungidwa m'kope zaka zonse zija unagwera pa amene anali pafupiyo. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo uyu sanali wa mnzathu chabe, anali mlongo wathu weniweni. Lero akugulitsa kaunjika pamsika, ndipo tikakumana pamaliro amandipatsa moni mwaulemu koma sandiyang'ana kumaso. Achemwali mpaka pano amati sanamumenyepo, sanamuthamangitse, anachoka yekha. Ndimawakonda, ndi amene anandilipirira fizi, ndikudziwa chimene anaona ali pakhonde paja. Koma pa nkhani ya mtsikanayu analakwa, ndipo ndinawauza.

Mathero aja

Sanandikhutiritse. Chakumapeto timauzidwa kuti Carminha nayenso anakulira kumtaya komweko, ndipo gwero la zoipa zambiri ndi bambo ake, Santiago. Amapulumutsa Nina ndi Tufão m'manja mwa bamboyo, amavomera kuti ndiye anapha Max, amakakhala kundende zaka zitatu, kenako amabwerera kumtaya kukakhala ndi Lucinda. Nina amabwera ndi mwana wake, mdzukulu wa Carminha, ndipo awiriwo amakumbatirana. Ambiri analira. Ine ndinakwiya pang'ono, chifukwa zinakhala ngati akutiuza kuti popeza Carminha nayenso anazunzidwa, ndiye tonse ndife amodzi. Lucinda analera ana ambiri otayidwa, ndipo si onse anakatayanso ana a anzawo. Chimodzi chokha chimene ndinavomereza n'chakuti kukumbatiranako kunabwera Carminha atavomera mlandu ndi pakamwa pake, atalowa m'ndende, atataya nyumba ndi ulemu wonse. Azakhali athu akali moyo, ndipo sanayambe anenapo kuti makina aja anali a amayi. Wina akandiuza kuti ndikawakumbatire ngati mmene anachitira Nina, ndimamuuza kuti ayambe iwo kunena za makinawo.

Tsono achemwali a ku Mzuzu, simunalakwe kusangalala ndi gawo lija, ndipo anzanuwo auzeni kuti Nina sanafanane ndi Carminha, ngakhale anapweteka anthu osalakwa. Za nyumba yanu, musazisiyire pa kanema. Kuyambira 2011 kuno kwathu kuli lamulo la chuma cha masiye, Deceased Estates Act, limene linaika kulanda chuma cha malemu m'gulu la milandu. Ngati munthu wamwalira osasiya wilo, mkazi wake ali ndi gawo, koma ana akenso ali ndi gawo, kuphatikizapo a kwa mayi wina. Sonkhanitsani chikalata cha imfa ya bambo, mapepala alionse a nyumbayo ndi mayina a mboni, mupite ku Legal Aid Bureau kapena ku ofesi ya DC mukafunse. Ngati mayi okupezaniwo ali ndi ana, anawo musawakhudze. Mundilemberenso mundiuze chaka chimene nyumbayo inagulitsidwa, komanso amene anasayina.