Sump ndi refugium za thanki ya madzi a mchere: yankho kwa bambo a ku Chitakale

Imelo ya sabata ino yachokera kwa bambo ena a ku Chitakale, ku Mulanje. Tayidula pang'ono. Akuti: "Ndaweta mbuna m'thanki kwa zaka zingapo, pano ndikufuna kuyesa nsomba za m'nyanja ya mchere. Thanki yanga ndi ya masentimita 120 m'litali, 50 m'lifupi, 50 kuya kwake. Ndili ndi ina yakale ya 90 x 40 x 40 imene ndikufuna ikhale sump m'kabati ya pansi, mbali ina ikhale refugium. Pulambala wanga akuti ndi ntchito yophweka koma sanaigwirepo. Ndigule mapaipi otani, nanga nditani kuti madzi asadzasefukire pabalaza?"

Bambo, funso lachiwirilo ndilo lilamule zonse. Sump ndi thanki ya pansi imene madzi a m'thanki yaikulu amatsikiramo kukayeretsedwa, pampu n'kuwabwezera m'mwamba, ndipo refugium ndi chipinda chake chimodzi chomeramo ndere. Pampu ikamayenda palibe chovuta, madzi amakwera n'kutsika okha. Magetsi akathima, madzi onse amene ali pamwamba pa khomo la paipi lotsikitsitsa amathamangira mu sump. Kuno magetsi amapita muli mtulo kapena muli ku ntchito, ndiye zonse muzikonze zoti zidziteteze zokha popanda wina wothamangira kukatseka valavu.

Masamu ake ndi awa. M'thanki yanu ya malita 300, sentimita imodzi ya madzi ndi malita 6. Mu sump, sentimita imodzi ndi malita 3.6. Madzi a mu sump akamaima pa masentimita 23, pamwamba patsala 17. Chotsanipo 3 odzitetezera, atsala 14, amene ndi malita pafupifupi 50. Amenewo ndiwo malo anu onse. Tsopano werengani otsika: thanki ya pamwamba ikatsika ndi masentimita 3 ndi malita 18, bokosi la overflow (mosefukira madzi a pamwamba asanalowe m'mapaipi otsika) lipereka malita 5 kapena 6, za m'mapaipi ndi mu skimmer (chida chochotsa zonyansa m'madzi ndi thovu) malita ngati 5. Zonse pamodzi sizifika 30, zikwana bwino. Koma kamwa ya paipi yobwezera madzi ikamira masentimita 10, malita 60 atsika, ndipo ena mwa iwo muwapeza pa simenti.

Chifukwa chake n'chakuti pampu ikazima, paipi yobwezera ija imasanduka yokoka madzi chobwerera, monga muja munthu amapopera petulo m'galimoto ndi kapaipi. Siileka kufikira itameza mpweya. Choncho kamwa yake imire sentimita imodzi kapena awiri basi. Ena amaboola kabowo ka mamilimita 4 pa paipiyo, pansi pang'ono pa msinkhu wa madzi, kuti mpweya ulowe msanga. Teroni, koma muzikatokosa ndi kamtengo mwezi uliwonse chifukwa ndere ndi mchere zimakatseka. Wogulitsa akakuuzani kuti non-return valve (valavu yoletsa madzi kubwerera) ithetsa zonse musamumvere. Kamchenga kamodzi kapena kankhono kakakhala pakhomo pake, imadontha pang'onopang'ono usiku wonse.

Pa mapaipi otsitsa madzi, ife tikuti tsatirani njira yotchedwa Herbie, ya mapaipi awiri. Paipi imodzi yokha imachita phokoso lomeza mpweya, komanso nkhono ikalowamo pampu imapitiriza kuthira m'mwamba mpaka thanki kusefukira. M'bokosi la overflow, paipi yoyamba ya mamilimita 25 ikhale yaifupi, khomo lake masentimita pafupifupi 15 pansi pa mlomo wa bokosi, ndipo muiveke kasefa. Imeneyi imayenda yodzaza madzi okhaokha, n'chifukwa chake siimveka. Yachiwiri, ya mamilimita 32, ndi ya pangozi: khomo lake likhale sentimita imodzi kapena awiri pansi pa mlomo wa bokosi, yopanda valavu, yopanda sefa, yolunjika mu sump. Kumapeto kwake kukhale pamwamba pa madzi a mu sump kuti ikayamba kugwira ntchito muzimva kukhavuka, mudziwe kuti yoyamba yatsekeka. Ilipo ina ya mapaipi atatu yotchedwa Bean Animal, koma pa malita 300 awiri akukwanira.

Paipi yoyamba ija ikhale ndi gate valve ya pulasitiki, yoikidwa mmunsi pafupi ndi sump. Mumaitseka pang'onopang'ono mpaka madzi a m'bokosi atakwera n'kumangonyambita khomo la paipi ya pangozi. Mukapotoza pang'ono, dikirani mphindi ziwiri muone kaye. Ball valve siitha ntchito imeneyi, mukangoikhudza yadutsa kale pamene mumafuna. Kumapeto kwa paipiyi kumire masentimita 2 kapena 3 okha m'madzi a mu sump. Kukamira kwambiri, magetsi akabwera mpweya umakanika kutuluka ndipo paipi imachedwa kudzaza. Pewaninso mapaipi ogona chopingasa. Ma elbow a madigiri 45 ndi abwino kuposa a 90.

Musanaboole thanki kuti mapaipiwa adutse, onetsetsani kuti galasi si la tempered (lolimbitsidwa ndi moto), chifukwa limenelo limaphulika tizidutswa mukangoligunda ndi choboolera. Ikani foni kapena laputopu ya sikirini ya LCD yowala zoyera kuseri kwa galasi, muyang'ane mutavala magalasi a dzuwa a polarised uku mukupendeketsa mutu. Mukaona mizere kapena mawanga, ndi tempered. Mathanki ambiri ogula amakhala ndi tempered pansi pokha, ndiye kuboola kumbuyo ndi kumene kulibe chiopsezo chambiri. Gulani kaye ma bulkhead (zolumikizira paipi pa bowo la galasi kuti pasadonthe), muwayeze, kenako mugule diamond hole saw (choboolera galasi) yofanana nawo. Kuchokera m'mphepete mwa galasi kufika pa bowo pakhale mpata wosachepera kukula kwa bowolo. Goneketsani thanki, mangani kadamu ka putty mozungulira, thiranimo madzi, drill iziyenda pang'onopang'ono ndi kulemera kwake kokha. Kuseri matani tepi kuti chidutswa chisagwe n'kuswa galasi linalo. Labala ya bulkhead imakhala kumbali ya mutu wake, osati ya nati. Mangani ndi dzanja, muwonjezere kotala ya mzungulo, basi. Sipanala yaikulu imang'alula bulkhead, ndipo silikoni pa labala imangoipangitsa kuterereka.

Apa ndi pofunika kumuyang'anitsitsa pulambala wanu, pakuti dzanja lake linazolowera za m'nyumba. Mkuwa, brass ndi paipi ya galvanised zisakhudze madzi amenewa ngakhale pang'ono. Mkuwa umapha makorali, nkhono, nkhanu ndi tizilombo tonse timene mukufuna tiswane mu refugium. Ma gate valve ambiri a m'mahadiweya ndi a brass, ndiye wa PVC mungafunike kuitanitsa. Ma tank connector a pulasitiki a mathanki osungira madzi amagwira ntchito ngati alibe chitsulo paliponse. Chenjeraninso ndi miyeso: paipi ya PVC ya inchi imodzi ya ku America ndi mamilimita 33.4 kunja kwake, siilowa mu fitting ya 32. Ngati bulkhead mwaitanitsa kunja, pitani nayo m'thumba ku Limbe mukayese pa kauntala pomwepo. Ikani union (jointi yomasuka ndi dzanja) pafupi ndi pampu ndi pansi pa bulkhead iliyonse kuti muzitha kumasula potsuka. Guluu wa PVC aume maola 24. Mapaipi oimirira m'bokosi la overflow musawamate, ingowakankhirani, mudzafuna kuwadula kapena kuwasintha.

Sump muigawe patatu ndi magalasi a mamilimita 5 kapena 6, odulidwa mamilimita 3 kuchepera pa m'lifupi mwa mkati, m'mbali mwake mopalidwa kuti musadzicheke. Pulasitiki sagwirana bwino ndi silikoni, amadzasomphoka. Silikoniyo ikhale ya aquarium, osati ya m'bafa yokhala ndi mankhwala a nkhungu, ndipo muipatse masiku osachepera 3, fungo la viniga lithe.

Chipinda choyamba, masentimita 30, ndi mogwera madzi ndi mokhala skimmer. Galasi lake lotchinga ndi limene limasunga msinkhu wa madzi kuti usasinthe, ndipo skimmer imafuna zimenezo. Ma skimmer ambiri amafuna masentimita 18 mpaka 23, onani kabuku kake. Madzi akakhala akuya, ikwezeni pa kathebulo ka mapaipi. Chachiwiri, masentimita 35, ndi refugium. Kenako magalasi atatu otalikirana masentimita 3 ogwira thovu: madzi adutse pamwamba pa loyamba, pansi pa lapakati lomwe mwalikweza masentimita 3, pamwamba pa lachitatu. Otsalawo, pafupifupi 18, ndi a pampu.

Chipinda cha pampu chikhale chaching'ono dala. Mapaipi onse awiri atati atsekeke, pampu ingatumize m'mwamba madzi a m'chipinda chimenechi okha, malita ngati 9, pamene masentimita awiri otsala pamwamba pa thanki amalandira 12. Kuipa kwake n'kwakuti madzi onse ouluka ndi kutentha amaonekera mmenemu. Mu Okutobala malita 3 kapena 4 akhoza kupita tsiku limodzi, msinkhu n'kutsika masentimita 5, pampu n'kuyamba kumeza mpweya. Wonjezerani tsiku lililonse, kapena ikani auto top-off (pampu yowonjezera madzi yokha) yokoka m'chigubu cha malita 10, chosapitirira apo kuti swichi ikakakamira isamize nyumba. Owonjezerawo akhale madzi opanda mchere, chifukwa mchere suuluka.

Refugium ndi malo abata oti ndere zabwino zimere n'kumadya nitrate ndi phosphate (zonyansa zochokera ku ndowe ndi zotsala za chakudya cha nsomba), ndiponso oti tizilombo ta copepod ndi amphipod tiswane popanda nsomba yotidya. Tina timadutsa m'pampu n'kukakhala chakudya m'mwamba. Ndere yake ndi Chaetomorpha, yooneka ngati ulusi wobiriwira wopiringizana. Caulerpa imakula msanga koma nthawi zina imayera mwadzidzidzi n'kusungunuka, zonse zimene inadya n'kubwerera m'madzi, ndiye kwa woyamba kumene sitiikonda. Pansi pasakhale mchenga kapena matope, ikani timiyala tochepa basi kuti muzitha kupopa zinyalala. Ikani kaneti ka pulasitiki pa galasi lotulukira kuti ulusi usakakole pampu. Nyali ya LED ya 6500K kapena yomeretsera mbewu iziyaka maola 10 mpaka 12 usiku, pamene ya m'mwamba yazima. Usiku pH (muyeso umene umatsika asidi akachuluka m'madzi) imatsika chifukwa cha mpweya wa carbon dioxide, ndipo ndere zikamawalidwa nthawi imeneyo zimauyamwa. Tchingani nyaliyo kuti isawalire skimmer, apo ayi mudzamera ndere mkati mwake. Muzitembenuza mpukutuwo sabata iliyonse, ukadzaza chipinda muchotse gawo limodzi mwa atatu n'kutaya. Kutayako ndiye kuchotsa nitrate. Musafulumire kuika nderezo: m'thanki yatsopano yopanda nsomba ndere zimafa ndi njala.

Pampu izitha kuyendetsa madzi a thanki katatu mpaka kasanu pa ola, kwa inu malita 900 mpaka 1,500. Nambala ya pa katoni ndi ya pampu yosakweza madzi. Pokweza mita imodzi ndi theka kudzera m'ma elbow, ya malita 3,000 ikhoza kutsala ndi theka. Yezani ndi ndowa ya malita 10 pa paipi yotsitsa: ikadzaza m'masekondi 30, ndiye malita 1,200 pa ola. Valavu yochepetsera ikhale kotulukira pampu, osati kolowera. Pakati pa pampu ndi PVC ikani kachidutswa ka hose yofewa kuti kabati isamanjenjemere. Mafunde a m'thanki ndi ntchito ya wavemaker, ndipo ngati muli ndi inverter yaing'ono, iyambe ndi imeneyo. Magetsi akathima, nsomba zimafa ndi kusowa mpweya, osati kuima kwa sump. Masoketi akhale pamwamba, kunja kwa chinyezi cha m'kabati, pa earth leakage (swichi yodula magetsi akamathawira pansi) ya 30 mA, ndipo waya aliyense atsike kaye asanakwere ku soketi kuti dontho ligwe pansi.

Heater ikhale mu sump, m'chipinda choyamba momwe madzi satsika. Madzi akhale pa madigiri 24 mpaka 26. Chiperoni cha mu Juni ndi Julaye kumeneko chimaziziritsa nyumba ndithu, ndiye ma heater awiri a mawati 150 ndi abwino kuposa imodzi ya 300, imodzi ikafa inayo igwirizize. Madzi a ku Mulanje ndi oyera pamaso, koma a pampopi ali ndi chlorine ndipo a mumtsinje amatenga feteleza wa m'minda. Aduse mu sefa ya RO (reverse osmosis, yochotsa zosungunuka m'madzi) musanasakanize mchere wa aquarium kufika pa 1.025 pa chida choyezera mchere. Mchere wa kukhitchini ayi.

Mchere usanalowe, yesani zonse ndi madzi wamba kwa masiku awiri, mutayala nyuzipepala pansi pa majointi kuti dontho lionekere. Zimitsani pa main switch, dikirani mphindi 15, mujambule mzere pamene madzi a mu sump afika. Yatsani muone ngati paipi yoyamba ikudzaza yokha pasanathe mphindi ziwiri kapena zitatu. Kenako tsekani gate valve yonse pampu ikuyenda: paipi ya pangozi inyamule madzi onse yokha. Pomaliza, pampu ili chizimire, dzazani sump mpaka patatsala masentimita 3, yatsani, ndipo pamene madzi a m'chipinda cha pampu akhazikike mujambulepo mzere wofiira. Aliyense wa m'nyumba amene angamathire madzi inu mutachoka mumuonetse mzere umenewo, asadutsepo.