Zolemba za madokotala a ku Philadelphia pa mliri wa 1793

Achimwene, mwafunsa komwe mungapeze zimene madokotala analemba nthawi ya mliri wa yellow fever (matenda otentha thupi ndi kuchititsa chikasu) umene unapha anthu pafupifupi 5,000 ku Philadelphia, mzinda wa ku America, mu 1793. Yambani ndi makalata a Benjamin Rush, dokotala wotchuka wa mumzindawo. Ambiri mwa makalatawa ndi a laibulale yotchedwa Library Company of Philadelphia. Rush ankachiza odwala powachotsa magazi ochuluka ndi kuwamwetsa mankhwala otsegula m'mimba okhala ndi mercury, pomwe palibe ankadziwa kuti matendawa amafala ndi udzudzu. Kenako fufuzani ku College of Physicians of Philadelphia, bungwe la madokotala lomwe linakhazikitsidwa mu 1787, ndi ku Pennsylvania Hospital ya mu 1751.

Koma chonde musathere kwa madokotala okha. Rush ankakhulupirira kuti anthu akuda sangadwale matendawa, ndipo anawapempha kuti azisamalira odwala ndi kuika maliro. Anavomera, ambiri anadwala, ena anamwalira, kenako ananamiziridwa kuti ankadyera odwala masuku pamutu. Absalom Jones ndi Richard Allen, atsogoleri a anthu akudawo, anayankha mabodzawo m'kabuku kawo ka mu 1794. Kwa ine, kabukuka ndi kofunika kuposa makalata ambiri a Rush, chifukwa kakufotokoza zimene zinkachitikadi m'nyumba za odwala.