Yankho kwa amalume: nyambo yakufa pansi pa madzi oundana

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Kuno kudakali m'mawa. Ndamva uthenga wanu uja mwasiya pagulupa, ndiye ndati ndiyankhe ndi pakamwa, nkhaniyi siyolemba ndi chala. Mwafunsa zinthu ziwiri. Choyamba mwati nsomba ya mano ngati yapachithunzi ija, yooneka kuti imadya zinzake zamoyo, ingagwire bwanji nyambo yakufa, yochokera m'firiji, yongolendewera osagwedezeka. Chachiwiri mwadandaula kuti nsomba yonse ija ndinaibwezeranji m'madzi pomwe ana akanadyera nsima. Zonse ndiyankha, mungondipirira, uthengawu utalikirapo.

Nsomba ija dzina lake ndi pike, kuno ku Minnesota, ku America, ambiri amangoti northern. Kwathu kulibe. Ndi yaitali, yobiriwira, ya mawanga, mlomo wake wautali wophwatalala, m'kamwa mano okhaokha mpaka kumwamba komwe. Mwaiona bwino amalume, ndi mlenje weniweni. Nthawi yotentha imabisala mu udzu wa m'madzi, kansomba kakangodutsa imavumbuluka kamodzi basi, kathera pomwepo. Nthawi imeneyo nyambo yoyenda ndi imene imagwira ntchito.

Koma nyanja ikaundana zinthu zimasintha. Madzi a pansi pa ayisi amazizira koopsa, pamwamba pafupi ndi ayisiyo amakhala cha pa 0, pansi penipeni cha m'ma digiri 4. Thupi la nsomba limatsata kuzizira kwa madzi, ndiye chilichonse m'thupimo chimayenda pang'onopang'ono. Pike sigona ayi, imadyabe nyengo yonse yozizira. Kungoti yaikulu sifuna kutaya mphamvu pothamangitsa kansomba kothawa. Imangoyenda mwakachetechete cha pansi, kufunafuna chomwe chafa kale. Ndipo zakufa zimakhalapo ndithu. Ayisi akakhalitsa miyezi, chipale chofewa chitaunjikana pamwamba, kuwala sikulowa, udzu wa m'madzi umafa n'kumawola, mpweya m'madzimo umachepa, makamaka m'malo osaya. Nsomba zofooka zimafa, zina zimagona pansi, zina zimayandama n'kukakamira kunsi kwa ayisi. Pike yaikulu imayenda ikutola zimenezi. Ndiye ukaiikira nsomba yakufa sukuipatsa chachilendo ayi, ukuipatsa chomwe ikusaka kale.

Komanso inu nomwe amalume, mukamatchera mbedza za kampango ku Nkhotakota kuja, usipa womwe mumakolowekako umakhala wamoyo? Umakhala utafa, kampango n'kumautsata ndi fungo. Ndi nzeru yomweyo. Chake asodzi akuno amasankha nsomba zamafuta, kuti fungo liziyenda m'madzi. Yodziwika kwambiri ndi smelt, kansomba kowonda konyezimira. Palinso cisco, ena amati tullibee, ndi herring. Ena amaika sucker yakufa. Ine ndimakonda cisco chifukwa ndi yonenepa ndipo imawala, pike imaionera patali. Ndipo sitiika kakang'ono. Nyambo yake imakhala ya masentimita 20, mwina 30, yoti kwathu munthu angaiwotche n'kudyera nsima. Pike zazing'ono zimaiopa, ndipo ndi zomwe timafuna, kuti zisamatisokoneze.

Pali ubwino wina womwe anthu saganizira. Nyambo yamoyo yaikulu imakoka chingwe, imayenda uku ndi uku, mwina kukalowa mu udzu n'kukola zonse. Munthu umathamanga kuganiza kuti yagwira, ukafika upeza ndi nyambo yako yomwe. Yakufa imakhala pomwe waiika. Kambendera kachizindikiro ka pabowo kakadzuka umadziwa kuti kwabwera mlendo.

Koma sungangotenga nsomba iliyonse n'kuponyamo. Nthambi ya boma yoona zachilengedwe, DNR, imakhwimitsa lamulo pa smelt ndi cisco chifukwa cha matenda a nsomba otchedwa VHS, omwe kachilombo kake sikafa ngakhale nsomba ikhale m'firiji. Ndiye timagula nyambo kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo kapepala kapaphukusi paja sutaya, umakhala nako pa nyanjapo kuti oyang'anira akafunsa uwaonetse. Lamulo limeneli ine ndimagwirizana nalo kwambiri. Munthu mmodzi wosasamala angathe kuononga nyanja yathunthu.

Tsono kawedzedwe kake. Timabowola ayisi ndi makina, bowo lake la mainchesi 8 kapena 10. Pa pike ndi bwino la 10, mutu wake ndi waukulu. Pabowopo timagonekapo chipangizo chotchedwa tip-up. Ndi kathabwa chabe, kunsi kwake kuli kawilo kokulungirapo chingwe, kawiloko kamakhala m'madzi kuti kasaume ndi chisanu. Pamwamba pali kambendera kofiira pa kawaya ka sipuling'i, umakapinda n'kukakoleka. Nsomba ikakoka chingwe, kawilo kamazungulira, kambendera n'kudzuka njo. Lamulo limalola zingwe ziwiri pa munthu nthawi ya ayisi, ndipo sukuyenera kutalikira kuposa mapazi 200, cha m'ma mita 60, kuchokera pa tip-up yako. Kumapeto kwa chingwe timamangako waya, kapena ulusi wokhuthala kwambiri wosaoneka m'madzi, chifukwa chingwe wamba mano aja amangodula ngati palibe kanthu.

Apa ndi pomwe pagona luso, amalume, pokoleka nyambo. Mbedza zimakhala ziwiri, iliyonse ya nsonga zitatu, pa waya mmodzi. Kuno amalola mpaka zitatu bola kuchokera pa yoyamba kufika pa yomaliza pasapitirire mainchesi 9. Imodzi umaibaya pamsana pafupi ndi chipsepse, ina kuseri kwa mutu, ndipo umangobaya pakhungu pang'ono, osazika, kuti pokoka mbedza zisolokemo msanga. Nyamboyo iyenera kugona mopingasa, monga nsomba imakhalira m'madzi. Ikakhala yoti yangochoka m'firiji, yolimba gwa, imayandama, sifuna kumira. Ndiye umaisiya isungunuke pang'ono, n'kuibaya pamimba ndi nsonga ya mpeni kuti kathumba ka mpweya kaja kaphwe, n'kuifinya m'madzi mpaka thovu litasiya kutuluka. Ena amalowetsa msomali m'mimba kuti ilemere. Ukatero umaitsitsa pang'ono m'bowo, n'kugwada, n'kuphimba nkhope ndi manja kuti uone bwino. Ukaona mutu wazolika kapena mchira wagwa, umaitulutsa n'kusuntha mbedza. Ntchito imeneyi imachitika wopanda magolovesi, zala zikuwawa, koma ine sindiidumpha. Ambiri amene amati nyambo yakufa sigwira, ukawaonera umapeza kuti anangokoleka n'kuponya.

Kuzama kwake, chingwe chimodzi ndimachitsitsa mpaka nyambo itatsala pang'ono kugunda pansi, mwina theka la mita. China ndimachisiya pamwamba, pafupi ndi ayisi, chifukwa cha zakufa zoyandama zija. Madzi ake sakhala akuya ayi, mita imodzi ndi theka, ziwiri, zitatu, m'mphepete mwa udzu. Tsikulo lokha limakuuza kuti zikudyera kuti, ndiye zingwe zonse umazisunthira komweko.

Chithunzi chija ndi cha ku Lake of the Woods, nyanja yaikulu ya kumalire a Minnesota ndi Canada, kufupi ndi tauni ya Baudette. Nyanja zambiri za mkati mwa Minnesota amatseka kuwedza pike kumapeto kwa Febuluwale, koma kumeneko n'kololedwa chaka chonse, ndiye mwezi wa Marichi anthu amakhamukirako. Chifukwa chake n'chakuti pike imaikira mazira ayisi akangosungunuka, m'madambo osaya a udzu. Marichi akafika, zazikazi zazikulu zimayamba kusendera cha kumeneko, malo ngati Zippel Bay, mimba zitadzaza mazira, ndipo zimakhala ndi njala. Nyambo yakufa imagwira bwino kwambiri nthawi imeneyi kuposa nthawi ina iliyonse.

Kudikira kumakhalapo, kwambirinso. Mutha kukhala maola osaona kanthu, mukungoyendera mabowo kuchotsa ayisi woyamba kuundana pamwamba. Kenako wina akuwa kuti mbendera! Sumathamanga mwaphokoso pofika pafupi, madzi ndi osaya, nsomba imamva mapazi. Umayang'ana kachitsulo ka pamwamba pa tip-up ngati kakuzungulira. Kakamazungulira pang'onopang'ono, mosadukiza, mtima umagunda, chifukwa yaikulu ndi imene imayenda choncho, siithamanga. Umanyamula kathabwa, kukaika pambali, kugwira chingwe ndi manja, kukunga pang'ono mpaka utamva kulemera, basi n'kukoka kamodzi mwamphamvu. Ndodo palibe, amalume, ndi manja okhaokha, ngati ndinu mukanasangalala nazo. Ikathawa umaisiya chingwe chizipita pakati pa zala, osakulunga padzanja, chingakucheke. Ikafooka umakoka. Povuta ndi pabowo, chifukwa ikangoona kuwala imathawanso, kawiri katatu, ndipo uyenera kudikira mpaka mutu utalunjika m'bowomo. Ukaikakamiza mbedza zimakola m'mphepete mwa ayisi, nsomba n'kupita.

Tsono funso lanu lachiwiri. Ndikumvetsa kuti zinakupwetekani kuona ndiwo yotere ikubwerera. Koma choyamba ndi lamulo. Pa nyanja imeneyo pike iliyonse ya mainchesi 30 mpaka 40, kunena kuti masentimita 76 mpaka kupitirira pang'ono mita imodzi, iyenera kubwerera m'madzi nthawi yomweyo. Munthu amaloledwa kutenga zitatu, ndipo mwa zitatuzo yoposa mainchesi 40 ikhale imodzi yokha. Yanga ija inali pakati pamenepo. Koma ndikuuzeni zoona, ngakhale lamulo likanandilola sindikanaitenga. Pike zazikulu chonchija pafupifupi zonse ndi zazikazi, ndipo m'madzi ozizira akuno zimakula mochedwa, yofika mita imodzi imakhala ndi zaka zoposa 10. Ija mimba inali yodzaza. Inu mukudziwa bwino chifukwa chomwe nyanja imatsekedwera nthawi yoswa chambo, ndipo munaona ndi maso anu chimene chimachitika anthu akapanda kumvera. Nyanja zambiri za pakati pa Minnesota zadzaza tipike ting'onoting'ono towonda, zazikulu zinachepa chifukwa anthu ankazitenga. Mpaka mu 2018 boma linasintha malamulo, n'kulola kuti m'chigawo chimenecho munthu azitenga mpaka 10, kuti zazing'onozo zichepe, n'kuteteza za mainchesi 22 mpaka 26 kuti zikule.

N'chifukwa chake nkhani ya mbedza ziwiri ija ndimaitenga mozama. Kale anthu ankaika mbedza imodzi yaikulu, nsomba ikagwira n'kuidikira kuti imeze kaye. Mbedza inkakakola kukhosi kapena m'mimba, ndipo nsomba yotero ngakhale uibweze imakafa. Ndi mbedza ziwiri sudikira. Pike imagwira nyambo chopingasa, pakati, ndiye mbedza imodzi imakhala ili kale m'kamwa. Ukakoka msanga imakola pamlomo, pochotseka ndi pulayala. Amene amagwiritsa nyambo yakufa koma n'kumachedwa kufika pabowo, kaya ali m'kanyumba akuwotha moto, ameneyo akupha nsomba zomwe akuti akuzibweza. Zimenezi zimandinyansa ndithu.

Ndipo pobweza pamafunika changu. Kunja kukazizira kwambiri maso a nsomba ndi makha ake zimayamba kuuma m'kanthawi kochepa. Pulayala ndi tepi yoyezera zimakhala m'thumba kale, osati kukazifuna nsomba ili gone pa ayisi. Wojambula amakhala wakonzeka. Umainyamula ndi manja awiri, lina kunsi kwa chibwano mosamala mano, lina pamimba, osailendewetsa. Kenako mutu m'bowo, n'kugwira mchira mpaka utamva yayamba kukankha yokha, n'kuitaya.

Ndiwo timapeza ndithu, musade nkhawa ndi adzukulu anu. Timatenga zocheperapo, zosafika mainchesi 30, ndipo ndi zomwe zimakoma. Azaumoyo kuno amalangizanso kuti ana ndi amayi oyembekezera asamadye kwambiri nsomba zazikulu zodya zinzake, chifukwa zimasunga poizoni wambiri wotchedwa mercury m'thupi. Mnofu wa pike ndi woyera, wolimba bwino, vuto ndi minga yake yamphanda yomwe imakhala m'kati mwa mnofu. Akuno ambiri amaikana chifukwa cha mingayo. Ife timaidula mapisi, kukazinga, kuthira tomato ndi anyezi, ana ndimawachotsera minga ndekha.

Ndaonanso amayi alemba pansi pa uthenga wanu kuti ndisiye kuyenda pa madzi. Amayi, ndamva. DNR imati munthu asaponde ayisi watsopano wosakwana mainchesi 4, ndiwo masentimita 10, ndipo ayisi woyera wosakanikirana ndi chipale chofewa mphamvu yake ndi theka chabe. Komwe tinali kuja anali wokhuthala kuposa theka la mita. Koma sindikunamizani kuti palibe choopsa. Kumapeto kwa nyengo ayisi amayamba kufooka m'mphepete ndi pomwe mitsinje ikulowera, komwenso pike zimakonda. Ndiye sindipita ndekha, timafunsa kaye eni malo amene amayeza tsiku ndi tsiku, ndipo ndimavala zisonga ziwiri m'khosi zodzikokera nazo ngati munthu wagwera. Akati lero ayi, timabwerera.

Amalume, inu mundiuzeko za usipa wanu. Mukaukoleka pa mbedza za kampango mumabaya pati, pamutu kapena pamsana, ndipo mumasankha wa tsiku lomwelo kapena wogonera? Ndikufuna ndidziwe ngati wogonera umaitana kwambiri, chifukwa kuno asodzi amatsutsana pa nkhani yomweyo. Moni kwa onse kunyumbako.