Chifukwa chake sodium amalembedwa Na, komanso masewera a zilembo ochita ndi ophunzira

Mphunzitsi wina wa Chemistry pa sukulu ya sekondale yoyendera wanditumizira funso pa imelo. Akuti ophunzira ake a Fomu 3 savutika ndi zizindikiro monga H, C ndi O chifukwa zimayamba ndi chilembo choyamba cha dzina, koma akafika pa sodium amene ndi Na, potassium amene ndi K ndiponso iron amene ndi Fe, amangoloweza pamtima n'kuiwala mayeso asanafike. Akufuna kudziwa kumene zilembo zimenezi zinachokera, ndiponso ngati pali masewera amene angathandize ana kuzikumbukira.

Aphunzitsi, choyamba chimene ophunzira anu ayenera kumva n'chakuti zizindikirozi sizinapangidwe pofupikitsa maina a Chingerezi. Katswiri wa ku Sweden, Jöns Jacob Berzelius, ndiye anayambitsa kalembedwe kameneka cha mu 1813, ndipo anatenga zilembo ku maina a Chilatini chifukwa ndicho chinali chinenero chimene anthu ophunzira a m'maiko osiyanasiyana a ku Ulaya ankamvana nacho. Iye asanatero, John Dalton wa ku England ankajambula timizere tozungulira tokhala ndi madontho kapena mizere m'kati, zomwe zinali zovuta kusindikiza ndi kuzikumbukira. Lero pa periodic table, tebulo losonyeza maelementi onse, pali maelementi 118, ndipo 11 okha ndiwo ali ndi zizindikiro zosagwirizana ndi maina awo a Chingerezi: Na, K, Fe, Cu, Ag, Sn, Sb, W, Au, Hg ndi Pb. Mwana akadziwa kuti ovuta ndi 11 basi, mantha amachepa.

Ambiri mwa amenewa ndi zitsulo zimene anthu anazidziwa kalekale. Chitsulo wamba pa Chilatini ndi ferrum, golide ndi aurum, siliva ndi argentum, dzina limene dziko la Argentina linatengerako, ndipo mkuwa ndi cuprum chifukwa Aroma ankaupeza wambiri pa chilumba cha Cyprus. Mtovu ndi plumbum, ndipo popeza mapaipi a madzi akale ankapangidwa ndi mtovu, mmisiri wa mapaipi mpaka lero timamutcha pulambala. W yekha ndiye sanachokere ku Chilatini koma ku dzina la Chijeremani lakuti wolfram.

Amene ndimakonda kumufotokoza ndi K, chifukwa nkhani yake ili m'khitchini mwathu momwemuno. Dzina lake la Chilatini lakuti kalium linachokera ku mawu a Chiarabu otanthauza phulusa la zomera, ndipo dzina lakuti potassium nalonso limanena za phulusa limene ankalisungunula m'madzi n'kuliphika mumphika mpaka madzi ataphwa. Mayi akawotcha zitsononkho za chimanga, n'kuika phulusalo m'chitini chobowola kunsi, kuthira madzi ndi kutchera chidulo chophikira therere, chimene chimafewetsa ndiwozo kwenikweni ndi potassium carbonate. Humphry Davy anapatula chitsulo cha potassium mu 1807 pogwiritsa ntchito magetsi, ndipo chaka chomwecho anapatulanso sodium, amene amalembedwa Na chifukwa dzina lake la Chilatini ndi natrium. Mukapita ndi thumba la feteleza lopanda kanthu m'kalasi, ana adzaona okha kuti NPK ndi zizindikiro zitatu, ndipo pa thumba lolembedwa 23:21:0+4S adzazindikira kuti ziro ija ikuimira K amene mulibemo, pomwe S ndi sulphur.

Musanayambe masewera, tsindikani lamulo limodzi: chilembo choyamba chimakhala chachikulu, chachiwiri chaching'ono. Co ndi chitsulo cha cobalt, koma CO ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu akagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mazenera m'nyengo yozizira. Ine ndimaona kuti mwana amene walemba CO pofuna cobalt tiyenera kumuchongera kuti walakwa, ngakhale atadandaula kuti zilembo ndi zomwezo.

Tsopano masewerawo. Odziwika kwambiri ndi olemba mawu pogwiritsa ntchito zizindikiro zokha, osaonjezera kapena kudumpha chilembo, ndipo Chichewa chimalola zimenezi kuposa momwe ambiri amaganizira. Moni amalembedwa Mo-Ni, ndiye kuti molybdenum ndi nickel. Bwino ndi B-W-I-No. Usipa ndi U-Si-Pa, pomwe chambo ndi C-H-Am-B-O. Maina a maboma ndiwo amasangalatsa kwambiri, chifukwa Neno ndi Ne-No, Karonga ndi K-Ar-O-N-Ga, Ntcheu ndi N-Tc-He-U, ndipo Nkhotakota, ngakhale ndi dzina lalitali, amatheka motere: N-K-Ho-Ta-K-O-Ta. Kwa anzathu a ku Zambia, Chipata ndi C-H-I-Pa-Ta.

Phindu lenileni, m'kuona kwanga, lili pa mawu amene amakanika, chifukwa kuti mwana atsimikize kuti mawu ena satheka ayenera kuyendera tebulo lonse ndi chala. Adzapeza kuti A ndi E paokha si zizindikiro, ndipo popeza mawu athu ambiri amathera ndi a, otheka ndi okhawo othera ndi Na, Ca, Ga, Ba, La, Ta, Ra kapena Pa. N'chifukwa chake nsima imayamba bwino ndi N-Si koma n'kukakamira pa ma, monganso Balaka amene amafika pa Ba-La-K n'kutsala ndi a wopanda mwini. M payekha nayenso palibe, choncho Malawi satheka. Mulanje, Mchinji ndi Nsanje amagwa pa chifukwa china: chilembo J sichipezeka m'chizindikiro chilichonse. Q nayenso palibe, ngakhale kuti anaonekako kwa kanthawi mu Uuq, chizindikiro chongoyembekezera cha elementi 114 isanapatsidwe dzina lakuti flerovium mu 2012.

Pa mafunso a mpikisano mungafunse mudzi umene unapereka dzina kwa maelementi anayi, womwe ndi Ytterby wa ku Sweden, kumene kunachokera yttrium, ytterbium, terbium ndi erbium. Mungafunsenso kuchuluka kwa zizindikiro za chilembo chimodzi, zomwe zilipo 14, kapena maina anayi omaliza amene bungwe la IUPAC, la akatswiri a Chemistry a pa dziko lonse, linavomereza mu 2016, omwe ndi nihonium, moscovium, tennessine ndi oganesson. Mafunso otere ndi abwino pa kalabu ya sayansi, koma sindikulangizani kuwathera nthawi yambiri ya phunziro chifukwa amangoyesa kuloweza.

Ana akazolowera, tembenuzani masewerawo kuti muziwapatsa manambala a maatomu m'malo mwa zilembo, iwo azifufuza pa tebulo n'kutulutsa mawu. Agaweni m'magulu a anthu anayi kapena asanu, gulu lililonse likhale ndi periodic table yake ngakhale yokopera pamanja, ndipo gulu limene lamaliza lilembenso funso lake loti lipatse anzawo. Poyambira mungalembe pa bolodi awa awiri, onse ndi maina a maboma a m'Malawi: loyamba ndi 7, 43, 1, 53, 14, ndipo lachiwiri ndi 6, 1, 53, 22, 91.